Malo a Achimwene ku Famu ya Nkhuku

Muloza, Mulanje
9 Okutobala 2001

Okondedwa achimwene a Lucius,

Moni wochokera kwa mng'ono wanu Bennet. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Constance ndi ana. Kuno tadzuka, koma amayi miyendo ikuwavutabe, ndipo m'nkhokwe mwayamba kale kuoneka pansi. Mvula ya chaka chino inaoletsa chimanga chili m'munda.

Chithunzi chanu chinafika. Achemwali a Sellina anachikhoma pabalaza, ndipo aliyense wolowa amayamba waona inu. Amayi amauza alendo kuti, "Uyu ndi Lucius wanga, amayang'anira nkhuku ku Limbe." Ine amene ndimawanyamula pa njinga kupita nawo kuchipatala, dzina langa silituluka pakamwa pawo. Jekete lija lakukhalani zedi. Nanga nyumba ya maluwa ili kumbuyo kwanuyo ndi yanu? Mukadatiuza, tikadabwera kudzaiona.

Nkhani yanga ndi yomwe ija. Ndifunireni malo pa famu yanuyo. Mnzanga Kalimu, uja amagulitsa kaunjika, akuti kapitawo wanu amalemba anthu mwezi ndi mwezi, bola pakhale wokulankhulira. Chaka chatha munati ndidikire tikolole. Takolola, ndipo palibe chimene tapeza. Ntchito ina iliyonse ndigwira, kaya kutola mazira, kaya kusesa m'makola.

Ndiyankheni msanga, musachite ngati ulendo watha uja.

Ine mng'ono wanu,
Bennet


Chinyonga, Blantyre
4 Novembala 2001

Bennet mng'ono wanga,

Kalata yako ndalandira. Tili bwino, kungoti chifuwa chikundisautsa. Upereke moni kwa amayi ndi kwa mlongo wathu Sellina.

Wandiseketsa ndi za nyumba. Ija ndi ya mayi Bilkis, eni ake famu, ku Sunnyside. Ndinapita kukatula mazira, wojambula n'kudutsa, ndiye ndinangoima pa geti. Jekete ndi la wojambulayo, amabwereka aliyense. Ine ndimakhala chipinda ndi balaza, denga lake lodontha.

Ndipo sindiyang'anira nkhuku ayi, amayi akungokometsa. Ine ndimasakaniza chakudya cha nkhuku. Ndi chipinda chopanda zenera, muli chigayo, ndipo chikalira fumbi limadzaza moti mnzako ali pafupi sumuona. Chimanga chimene akugula chaka chino kwa mavenda n'chosauma. Ukamasula thumba mumatuluka fungo ngati la bulangeti lonyowa, njere zina zobiriwira, zina zakuda. Tikachoka apo timakapala utuchi wa m'makola, wosakanikirana ndi zitosi. Ndikaweruka n'kumina, pa mpango pamatsala zakuda. Amene ndinamupeza pa ntchitoyi anasiya chifukwa chobanika.

Choncho za kubwera kuno uiwale. Ntchito iyi iwe sungaithe. Mvula yayandikira, konza munda, usamale amayi. Kukadakhala kotheka ine ndikadasinthana nawe.

Mkulu wako,
Lucius


Muloza
16 Disembala 2001

Achimwene,

Moni. Amayi alipo, koma aonda.

"Sungaithe." Mawu amenewa ndawawerenga mobwerezabwereza. Ine amene ndimakwera chitunda ndi thumba pa njinga, sindingathe kuthira chimanga m'chigayo? Mukuti fumbi. Kodi kuno timalima pa simenti? Ngati ntchitoyo ndi yoipa chotero, bwanji inu zaka zonsezi simukuisiya? Munthu sakakamira mtengo wopanda zipatso.

Kalimu wabwerako ku Blantyre, ndipo akuti anakuchezerani. Akuti kuseri kwa chitseko chanu kwasanjikizana matumba a chimanga mpaka kufika pa zenera. Kuno anthu akuphika mango aawisi, ena ayamba kukumba mizu ya nthochi. Gaga amene tinkapatsa nkhumba lero timamulimbirana kuchigayo. Inu mwaunjika matumba, n'kumatilembera za denga lodontha.

Nditawauza amayi anangoti, "Musiye Lucius, ali ndi ana." Nthawi zonse inu mumakhala ndi chifukwa chabwino. Kusukulu anapititsa inu, ine n'kutsala ndi mbuzi. Malo a m'tauni amalume anapatsa inu. Tsopano mwakwera, makwerero mwakoka.

Ine musandithandize, palibe kanthu. Koma tumizani thumba limodzi la amayi anu. Kapena nalonso tidikire tikolole?

Bennet


Chinyonga
20 Januwale 2002

Alamu a Bennet,

Ndine Constance. Ndikulemba ine chifukwa achimwene anu sakutha kugwira cholembera, komanso kalata yanu atawerenga anangoipinda n'kutembenukira kukhoma. Amayi muwapatse moni, koma zimene ndilembe apa muwauze pang'onopang'ono.

Matumba amene Kalimu anaona analipodi. Mwezi wa Novembala nkhuku zinayamba kufa ku famu, tsiku lililonse wilibala yodzaza. Kunabwera dokotala wa ziweto, anang'amba zingapo, n'kupeza ziwindi zotupa, zotuwa. Anati vuto ndi chuku, chija chimamera pa chimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaume. Akuti chili ndi poizoni wosatha ngakhale uphike bwanji. Mayi Bilkis analamula kuti chimanga chonsecho chitenthedwe. Koma kapitawo, a Paston, anati kutentha chimanga chaka cha njala ndi tchimo, aliyense atengeko. Anthu ananyamula.

Tinachitsuka, tinayanika, tinakagayitsa. Ufa wake unali wowawira. Achimwene anu anati ana azidya ufa wogula, kenako anandiletsa inenso poti ndikuyamwitsa. Anatsala akudya okha. Ndinkati ndikalankhula amati, "Ine ndimachipuma tsiku lonse, chindichitenso chiyani?" Kalata yanu itabwera ndinawauza kuti titumize thumba limodzi kuti mtima wanu ukhale pansi. Anandiyankha kuti, "Chimene chapha nkhuku ndikapatse amayi anga?"

Lero maso awo ndi achikasu ngati pakati pa dzira, mimba yatupa, ndipo akadya amasanza. Kuntchito sakupita. Chimanga chotsala tinakachikwirira. Sabata yamawa tikupita kuchipatala cha Gulupu akawayeze.

Alamu, nsanje imaona matumba koma siyimva fungo lake. Ndangonena.

Ine mlamu wanu,
Constance


Mbayani, Blantyre
17 Febuluwale 2002

Okondedwa achemwali a Sellina,

Ndinafika bwino. Pepani kuti ndinachoka osatsazika amayi, ndinadziwa kuti andiletsa. Ndikukhala kwa Kalimu kuno ku Mbayani, kanyumba kake kali pafupi ndi amisiri okhoma zidebe, moti phokoso silitha. Inu muli bwanji? Chimanga cha kudimba chamasula?

Nkhani yabwino ndi iyi: ndayamba ntchito! Ndinapita ndekha ku famu, kuseri kwa Limbe njira ya ku Thyolo. Nditangotchula kuti ndine mng'ono wa a Lucius, a Paston anandigwira mapewa nati, "Msana ulipo. Mawa ubwere." Andiika pamalo pa achimwene penipeni, poti iwo sakubwera. Andipatsa ovolosi ndi gamubutsu. Ntchito imene ankati sindingaithe ndikuigwira kuposa iwo, a Paston anena okha. Fumbi lilipodi, m'maso mumayabwa ndipo m'mawa ndimadzuka pakhosi pali pouma, koma ndimamanga mpango pamphuno basi.

Lamlungu ndinapita ku Chinyonga. Ndinawapeza atagona pa mkeka pakhonde. Achemwali, atha. Manja ngati bango, mimba yokha.

"Wabwera liti?" anafunsa.

"Kalekale. Ndili pa ntchito."

"Kuti?"

"Pamalo panu."

Anayesa kudzuka, alamu n'kuwagwira. "Bennet, m'chipinda muja usalowemo."

"Ndalowamo kale, ndipo sindinafe."

"Chimanga akugulabe kwa anthu omwe aja?"

Ndinati sindikudziwa, ine ndimangothira. Ndiye anayamba kulira, munthu wamkulu. Ine ndinaona kuti chikuwapweteka n'choti malo awo apita. Za chuku zimene alamu analemba zija, mkazi aliyense amaikira kumbuyo mwamuna wake. Kuonda kotero ife timakudziwa. Anthu a m'tauni akalandira amadutsira m'mabala a ku Limbe, ndiye zikawagwera amanamizira chimanga.

Muwauze amayi kuti tsopano ali ndi ana awiri apantchito. Mwezi ukatha nanenso ndijambulitsa, mundisungire malo pakhomapo.

Mlongo wanu,
Bennet


Muloza
10 Malichi 2002

Bennet,

Tili moyo. Chimanga cha kudimba akuba anathyola chisanakhwime, ndipo munda wakumtunda udzu wakula poti wolima anathawa. Ndikulimbana nawo ndekha.

Kalata yako ndinawawerengera amayi, koma ndinadumpha za mabala zija. Uchite manyazi. Alamu a Constance andilembera kuti ku Gulupu anawayeza magazi, kachilombo kamene ukuganizako sanakapeze. Madokotala akuti chiwindi chawonongeka, m'mapapo namonso simuli bwino, ndipo atamva kumene amagwira ntchito ndi zimene ankadya anapukusa mitu. Akutinso mnzawo wa achimwene, amene ananyamula nawo matumba aja, anagonekedwa chipinda chomwecho.

Nditawauza amayi kuti wayamba ntchito, anangoti, "Nanga Lucius akudya?" Ndikudziwa kuti zikupweteka, koma ndakuuza monga ananenera. Iwe umati amakonda iye yekha. Mayi amathamangira mwana amene wagwa, osati amene waima.

Pita ukawaone achimwene ako, ukawasambitse, ukawamete. Alamu atopa, ali ndi khanda kumsana. Ndipo undiuze zoona: ukutsokomola? Kalimu anauza mkazi wake kuti umawadzutsa ndi chifuwa.

Mlongo wako,
Sellina


Mbayani
14 Epulo 2002

Achemwali,

Moni ndilibe. Andichotsa ntchito, ndipo wondichotsetsa ndi mwana wa amayi anga.

Lachiwiri mayi Bilkis anabwera ku famu kudzaona anapiye atsopano. Tili pa mzere kutsogolo kwa ofesi, ndinangoona achimwene akulowa pa geti, atatsamira ndodo, malaya akuwalendewera. Anthu anawathamangira kuwapatsa moni. Mayi Bilkis anatuluka nati, "A Lucius, mwadzukiranji? Khalani pa mpando." Taonani, ngakhale akudwala amapatsidwa mpando. Ine chiyambireni mayiwo sanandifunsepo dzina.

Iwo anakana kukhala. Anandiloza ndi ndodo nati, "Mayi, uyu ndi mng'ono wanga. Ndabwera kudzakuchenjezani. Ndi wakuba. Kumudzi anathawa mlandu wa mbuzi, ndipo mazira anu akugulitsa ku Mbayani."

Achemwali, ndinamva ngati pansi pang'ambika. Mbuzi ya ndani? Ndinaba liti ine?

"Achimwene, mukunena ine?"

Sanandiyang'ane. Anangoti, "Mukamusunga, mudzandikumbukira."

A Paston anayesa kundiikira kumbuyo kuti palibe chasowa. Koma mayi Bilkis anati, "Lucius wagwira kuno kuyambira amuna anga ali moyo, sananamepo. Munthu sanganenere mbale wake pachabe." Ndinavula ovolosi pamaso pa anthu onse, atsikana otola mazira akundiyang'ana. Potuluka ndinawadutsa achimwene atakhala pansi pa geti, akupumira m'mwamba. Anandiitana dzina. Sindinacheuke.

Tsopano mwaona? Munkati ndine wansanje. Wansanje ndi amene anadzuka pa mphasa ya matenda, kukwera minibasi, kudzangoonetsetsa kuti mng'ono wake asadye pamene iye ankadya. Inde ndikutsokomola, ndipo nthawi zina pachifuwa pamathina, koma chifuwa chimapola. Dzina la wakuba silipola.

Kumudzi sindibwera, ndingawayang'ane bwanji anthu? Ndikulowera ku Mozambique, kwa abale a agogo athu. Musandifune. Amayi muwauze kuti mwana wawo wabwino uja wapambana.

Bennet


Muloza
26 Meyi 2002

Alamu a Bennet,

Kalatayi ndapatsa Kalimu kuti apatsire oyendetsa malole a ku Mozambique. Kaya ikupezani kuti, kaya liti.

Achimwene anu anatisiya Lachinayi la sabata yatha ku Gulupu. Tinawaika Loweruka kuno kumudzi, pafupi ndi abambo anu. Tinatumiza uthenga ku Milange, kutsidya kwa malire, tinalengezetsa pa wailesi, koma palibe amene ankadziwa kumene muli. Dothi loyamba anathira amalume.

Ndikufuna mudziwe za tsiku lija anakuchotsetsani ntchito. M'mawa ndinapita kukachapa, pobwera ndinapeza mkeka uli wokha. Anabwera nawo masana anyamata a minibasi atawanyamula ngati mwana. Atatsitsimuka anandiuza zimene anachita. Ndinakalipa. Ndinati, "Mwaipitsa dzina la mbale wanu, simukanangonena za fumbi?" Anati, "Za fumbi ndinanena, anamva? Uyu ukamuletsa ndiye amakakamira. Andide, koma atuluke m'chipinda muja." Atakhala pang'ono anatinso, "Koma ndisaname, Constance. Nditamva kuti akunyamula thumba ndi dzanja limodzi, mtima unandipweteka. Msana umenewo nanenso ndinali nawo." Choncho musati anali mngelo. Zonse ziwiri zinalimo.

Masiku omaliza sankazindikira anthu. Dokotala aliyense wamwamuna akalowa ankamufunsa kuti, "Wadya, Bennet?"

Mayi Bilkis anatipatsa galimoto yonyamula maliro. Ndinawauza kuti simunabe kanthu, ndipo anagwira pakamwa. Akuti m'chipinda muja aboola mazenera ndipo agula zophimba pamphuno. A Paston akadalipo. Pamalo paja analembapo kale wina.

Ine ndikhala kuno mpaka tidzamete, kenako ndiona kolowera ndi ana. Amayi sakudya. Amangokhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, ndipo amene akumutchula tsopano ndi inu. Ngati mtima wanu unkafuna zimenezo, bwerani mudzamve.

Mlamu wanu,
Constance


Gurue, Mozambique
28 Meyi 2002

Achimwene a Lucius,

Mudabwa kulandira kalata yanga. Nanenso ndadabwa kuti ndikulemba. Chichokereni sindinamve chilichonse cha ku Chinyonga kapena cha kumudzi, ndiye ndikhulupirira kuti mwayamba kupeza bwino. Alamu ndi ana muwapatse moni. Iwo okha, inu moni wanga simunauyenere.

Ndili kwa a Hilary, msuweni wa abambo. Ali ndi munda waukulu m'munsi mwa phiri, ndipo ndikuwathandiza kukolola. Kuno chaka chino zachita bwino. Chifuwa chija chinandivuta masabata oyamba, moti ndinkalephera kukwera kachitunda, koma tsopano chikuchepa. Musati ndikuvomereza kuti munkanena zoona. Ndikungokuuzani mmene zilili.

Dzana tikutong'ola ndinapeza chisononkho chobiriwira njere. Ndinanunkhiza, ndipo linali fungo lija la m'chipinda mwanu. Ndinachitaya kutali. Mkazi wa a Hilary anandiseka kuti anthu a ku Malawi njala yawo ndi yamatama. Tsiku lonse ndinkangoganiza za inu, mutakhala nokha ndi mbale ya ufa wowawa uja, ana akudya zina. Kupusa kumeneko ndani anakuphunzitsani? Mukadandiitana ine tikadagawana, mwina sizikadafika pamenepo. Koma inu chilichonse mumafuna chikhale chanu chokha, ngakhale matenda.

A Hilary andipatsa matumba awiri a chimanga. Ndasankha ndekha njere ndi njere, ndayanika mpaka chikulira pa dzino. Lina ndisiya kwa amayi, lina ndibwera nalo ku Chinyonga mwezi wamawa. Si mphatso ayi. Ndikufuna muone kuti wakuba uja amadya thukuta lake. Akuti kuno kulinso sing'anga wodziwa za chikasu, ndikutengerani mankhwala ake, mukafuna mudzamwa, mukapanda kufuna mudzataya.

Mudye, mulimbe, chifukwa nkhani yathu sinathe. Ndikadzafika tidzakwera basi limodzi mpaka ku Muloza, ngakhale ndichite kukuberekani. Ndikufuna mudzakhale pakhonde, amayi ali pomwepo, mudzandiyang'ane m'maso n'kunena mbuzi imene ndinaba.

Mundidikire.

Mng'ono wanu,
Bennet